Fisi ndi Matumba Anayi a Nandolo

Padangokhala.

Kuseri kwa phiri la Michesi, m'dera la Nkhulambe, kudali Fisi wina wa geni. Geni yake idali nandolo. Chaka chilichonse chisanu chikatha, makoko n'kuyamba kuuma m'minda, Fisi ankakoleka sikelo yake panthambi ya mango n'kukhala patsinde, mwendo pa unzake, ngati kalaliki wa kwa DC.

Sikelo ija idali yokongola. Nkhope yoyera, muvi wofiira, mbedza yonyezimira. Koma usiku wina Fisi adaitsegula kumimba ndi mpeni n'kuiphunzitsa ulemu, kuti isamakweze mawu pamaso pa alimi. Kuyambira tsikulo, thumba la makilo 50 likakolekedwa, muvi unkayenda, n'kuyenda, n'kuima pa 40, uli zyoli ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Tsiku lina m'mamawa adabwera Nkhanga, thumba lili pamutu.

"Makilo 40 ndendende, mayi," adatero Fisi.

"Koma a Fisi, thumba lomweli chaka chatha linakwana 50."

"Chaka chatha kunali mvula, mayi. Nandolo wa chaka chino ndi wopepuka. Sikelo sinama."

Nkhanga adalandira ndalama za 40 napita akung'ung'udza. Adabwera Njiwa, 40. Adabwera Mbewa ndi ana ake akukoka thumba, 40. Adabwera agogo a Nungu akutsimphina ndi ndodo, 40. Dzuwa lisanakwere, matumba anayi adali ndondondo patsinde pa mango, ndipo mtima wa Fisi udali dyokodyoko.

Tsono kudamveka mphekesera. Pa boma la Phalombe padaima lole ya amalonda a ku Limbe, aja amagula nandolo wokakwera sitima yapamadzi kupita ku India. Mtengo wake udali wabwino, koma lole idali yonyamuka dzuwa likafika paliwombo. Ndipo pakati pa Nkhulambe ndi Phalombe pali mpata wa Fort Lister: Michesi uku, phiri la Mulanje uku, msewu wokwera ngati makwerero, n'kukatsika ngati madzi a pamtondo.

Fisi adali ndi njinga yakapalasa, yakuda, yakale, ya kaliyala wowotcherera. Mabuleki ake adali atadyeka mpaka pachitsulo. Adaikankha kupita nayo kwa Kamba, amene ankakonza njinga pansi pa mkuyu, pamene chikweza chimayambira.

"A Kamba, ndiikireni mabuleki atsopano. Ndalama ndikupatsani pobwera."

Kamba adayang'ana njinga. Adayang'ana Fisi. Adatenga sipanala, namanga mphira zatsopano pang'onopang'ono monga mwa chikhalidwe chake.

"Mukunyamula zochuluka bwanji, amwene?"

"Zochepa chabe."

"Mabuleki awa, pamtsetse wa Fort Lister, amagwira makilo 150."

"Nanga 160?"

Kamba adakanda khosi. "160 ndiye malire. Komanso pali mawu awiri. Musakwere, muziyenda pansi mutagwira mahandulo. Ndipo kumbuyo kukhale anzanu ogwira chingwe."

Fisi adawerenga pa zala. 40, 80, 120, 160. Adaseka chikhakhali mpaka mbalame zidathawa mumkuyu. "Ndendende, a Kamba! Ngati munaona m'buku mwanga!"

Kamba sadaseke. Adatsamiritsa thabwa pabenchi, natenga kagwafa ndi dzungu m'dengu la mkazi wake.

"Ikani chala chimodzi kumunsi kwa thabwali."

Adagubuduza kagwafa. Kadafika pachala, n'kuima. Adagubuduza dzungu. Lidafika pachala, n'kuchipinda, n'kupitirira mpaka mu ngalande.

"Mayo chala changa!"

"Thabwa lomwelo, liwiro lomwelo," adatero Kamba. Kenaka adatola kamwala, nakaponya mofatsa m'dzanja la Fisi. Fisi adakawakha akumwetulira. Kamba adakatenganso, nakaika mu legeni, n'kuyamba kukoka mphira. Fisi adali kale kuseri kwa mkuyu.

"Mukuthawanji? Si kamwala komwe kaja?"

"Ndi komweko, koma kabwera mothamanga!"

"Eya. Kulemera ndi mkazi, liwiro ndi mwamuna. Aliyense payekha mungathe kukambirana naye. Koma akakwatirana, amabala mwana wosamva. Mwana ameneyo akakugwirani panjira, funani chinthu chofewa: mchenga, udzu, munda wolima. Musafune cholimba."

"Tsobola wakale sawawa," adatero Fisi chapansipansi, natenga njinga yake.

Adamanga matumba. Limodzi adalipanikiza pakati pa felemu. Awiri adawagoneka pa kaliyala. Lachinayi adalisanjika pamwamba, nakulunga onse ndi mphira za chubu mpaka njinga idaoneka ngati chulu chomera matayala. Adagwira mahandulo, nakankha.

Njinga idangoti njo.

Adakankhanso, mano ali gwa, mchira uli tolotolo. Njinga idagwedezeka pang'ono, n'kubwerera pomwe idali.

Pambali pa msewu padali anyamata osaka ganyu: Kalulu, Gologolo, Likongwe ndi mwana wachisamba wa Mbewa.

"Achimwene anga!" adaitana Fisi ndi mawu a uchi. "Mbale imodzi ya nandolo aliyense, mukandikankha."

Anyamata adalavulira m'manja. Kalulu adagwira thumba lakumanja, Likongwe lakumanzere, Gologolo ndi Mbewa adatsamira kaliyala. Kalulu adayambitsa nyimbo:

Kankha, mbale, kankha,
nsima ili pamwamba!
Kankha, mbale, kankha,
ndiwo zili pamwamba!

Tayala lidatembenuka kamodzi, movutikira. Lidatembenuka kachiwiri. Kachitatu lidayamba kumva nyimbo. Pamene msewu udagona pang'ono, njinga idayenda ngati yapepuka, mpaka Gologolo adachotsa dzanja limodzi napukuta thukuta.

"Imani!" adakuwa Fisi. "Nandolo mmodzi wagwa."

Adaima. Fisi adatola kanjere kaja, nakauzira fumbi, nakaika m'thumba la malaya. Poti ayambenso, njinga idabwerera ku khalidwe lake lakale: njo.

"A Fisi, musamatiimitse chisawawa," adadandaula Kalulu akupuma wefuwefu. "Katunduyu ali ndi mwano. Akakhala, amafuna kukhalabe. Akayenda, amafuna kuyendabe. Kumusintha maganizo ndiye ntchito."

Kankha, mbale, kankha. Thukuta lili kamukamu. Fumbi m'maso. Kumanzere ndi kumanja zipsera zofiira m'mapiri, mmene nthaka idakumukira ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Mbewa adaterereka kawiri, nasupuka bondo, nadzukanso. Fisi, amene adagwira mahandulo, ankangowongolera, n'kumafuula kuti ana a masiku ano alibe mphamvu.

Pomaliza adafika pampata. Mphepo yozizira idawalonjera. Chapafupi padali mabwinja a linga lija adamanga Angerezi mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo, amene ankadutsitsa anthu pampatapo kupita nawo kunyanja yamchere. Pamiyala ya bwinjalo padali agogo a Mbira akuwothera dzuwa, maso ali tsinzi.

Kutsogolo, pansi patali, chigwa cha Phalombe chidayalika ngati mphasa, malata akuthwanima, ndipo kutali kwambiri, m'nthunzi, kumbali ya nyanja ya Chilwa kudali mbuu.

Anyamata adatambasula manja.

"Mbale zathu, bwana."

Fisi adayang'ana manja aja ngati sadaonepo dzanja chibadwire. "Mbale? Ndimasule thumba pano, pamphepo? Ndiye ogula akati lachepa?"

"Ndiye mukatipatsa kumunsi. Tigwire chingwe, titsike nanu."

Fisi adawerenganso pa zala. Mbale zinayi. Akazigwiritsa chingwe, mwina adzati zisanu ndi zitatu. Adayang'ana mtsetse. Adayang'ana dzuwa. Kenaka nkhope yake idawala ngati ya munthu wotola chikwama.

"Anyamata, ntchito yatha. Kuchokera pano ndili ndi wantchito wina. Ndi wamphamvu kuposa inu nonse, satopa, sadandaula, ndipo safuna mbale."

"Ndani ameneyo?"

"Phiri."

Adamasula chingwe chakumbuyo nachiponya patchire. Agogo a Mbira adatsegula diso limodzi.

"Mpata uno waona ambiri osenzetsa anzawo katundu popanda malipiro," adatero. "Miyala ikadalipo. Iwo kulibe."

Koma Fisi adali atakwera kale pachishalo, msana utatsamira matumba ngati mfumu pa mpando wa ndalema. Adakankha pansi ndi chala chimodzi chokha.

Chala chimodzi chidakwana.

Poyamba zidali zokoma. Njinga idatsetsereka mwaulemu. Mphepo idamupesa ubweya. Tcheni chidali chete, mapedulo ali phee. Fisi adayimba nyimbo yakeyake:

Phiri ndi wantchito wanga,
salira mbale!
Phiri ndi kapolo wanga,
salira mbale!

Phiri lidamva, lidakondwa, ndipo lidawonjezera. Silidakankhe kamodzi n'kusiya ngati anyamata aja. Lidakoka pa sitepe yoyamba, lidakoka pa yachiwiri, ndipo liwiro la sitepe iliyonse linkasanjikika pa la inzake, ngati ngongole ya katapila. Mitengo idayamba kudutsa iwiriiwiri. Kenaka isanuisanu. Kenaka idangokhala mzere umodzi wobiriwira.

"Basi, wantchito, pamenepa pakwana," adatero Fisi, nafinya mabuleki.

Tswiiiii! Mphira zatsopano zidaluma mkombero. Njinga idanjenjemera, idaganiza pang'ono, n'kupitirira. Fisi adafinya ndi manja onse. Fungo la mphira yopsa lidakwera m'mphuno. Utsi udatuluka. Kenaka phwa! mphira imodzi idauluka kulowera ku Michesi, phwa! inzake kulowera ku Mulanje.

Fisi adaponda tayala lakumbuyo ndi nkhwaila yake. Nkhwaila idalira, idatentha, idatha. Tayala lidafika paphazi.

"Mayo ine! Phiri iwe, ndakuchotsa ntchito!"

Phiri lidalibe makutu a mawu amenewo.

Kutsogolo kudali Nyani wa kabaza, akutsika panjinga yamoto. Adangomva fuuu! chinthu chikumudutsa, mchira uli m'mwamba.

"A Fisi! Dulani mphira! Tayani matumba, njinga ipepuke!"

"Nditaye ndalama?" Mawu adatsalira m'mbuyo, mwini wake ali kale patsogolo.

Pambali pa msewu padali mulu waukulu wa udzu wofolera, wouma, wofewa ngati matilesi. Kungopotoza handulo pang'ono, basi. Koma pamulupo padali abale ake a Nkhanga akumanga mitolo.

"Ndikagwera apo, thumba likaphulika, ajompha nandolo wanga," adaganiza Fisi. Mulu wa udzu udadutsa.

Patsogolo padali khwawa louma lodzaza mchenga, wakuya mpaka m'mawondo. Kungopotoza handulo pang'ono, basi. Koma mumchengamo mudali njiwa zikusamba fumbi.

"Izinso ndi mbala," adaganiza Fisi. Mchenga udadutsa.

Patsogolo padali munda wongogalauza kumene, mizere yofewa ili ngundangunda. Koma Fisi adaona denga la lole kutali, likuthwanima pa boma.

"Ndatsala pang'ono! Ichi n'chimene amati kufulumira!" Munda udadutsa.

Tsono kumunsi, pamene msewu umakhota kufuna mtsinje, padali mwala. Udali waukulu ngati nkhokwe ziwiri, wakuda, wa ndere kumsana, abuluzi akusewera pamwamba pake. Msewu udakhota. Fisi adakhotetsa mahandulo. Koma katundu adali atasankha kale kopita, ndipo kumusintha maganizo ndiye ntchito.

Khuuu!

Njinga idaima. Fisi sadaime: adachoka pachishalo n'kukapsompsona mwala. Matumba nawo sadaime: mphira zidaduka, thumba loyamba lidamupeza m'chiuno, di! lachiwiri di! lachitatu di! Lotsala, la pafelemu lija, lidang'ambika, nandolo n'kuti mbwee mumsewu monse ngati matalala. Tayala lakutsogolo lidapindika ngati chitumbuwa cholumidwa. Belu lokha ndilo lidalira kamodzi, ngiri, kenaka kudali zii.

Patapita nthawi Fisi adatsegula diso.

"Mwala iwe, wandimenyeranji?"

Mwala udayankha ndi mawu ochokera pansi, olemera, osafulumira.

"Ine sindinasunthe, mwana wanga. Iwe ndiye wandimenya. Ine ndangokubwezera muyeso womwewo, osachotsapo, osawonjezerapo. Ndilibe muvi woti wina auphunzitse ulemu."

"Ukanapatuka!"

"Ndinasunthapo kamodzi, ndipo sindifunanso. Ine kwathu ndi pamwamba apo, pa Michesi. Ndinakhala pamenepo zaka zosawerengeka, mizu ya mitengo itandikumbatira, dothi litandigwira m'chiuno. Mu Malichi 1991, dera lino likadali pansi pa boma la Mulanje, mvula inagwa osapuma. Dothi linakhuta madzi mpaka linasanduka phala. Ndinangosendera pang'ono, ngati munthu wotembenuka kutulo. Pamenepo mwana akanatha kunditchinga ndi chipika. Nditagubuduka kakhumi, ngakhale mudzi wonse sukanatha. Tinatsika ambiri, miyala, matope, mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Anthu anati Napolo wadutsa. Milatho inapita, nyumba zinapita, minda inakwiririka, ndipo anthu mazanamazana sanaonenso dzuwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuda. Koma ndinalibe poimira, kufikira chigwa chinandilanda liwiro pang'onopang'ono n'kundisiya pano. Chiyambire tsikulo ndimangoyang'ana otsika. Ndimawadziwa ndi kulira kwa matayala awo."

Fisi sadamve zonse. Adali atakomokanso.

Adamunyamula pangolo kupita naye kuchipatala. Lole idanyamuka dzuwa lili paliwombo, monga idanenera.

Atatuluka, akukoka miyendo yakumbuyo, Fisi adalunjika kubwalo la amfumu a Njovu. Adasumira atatu: Kamba, chifukwa chomuikira mabuleki olodza, Mwala, chifukwa chomumenya, ndi Phiri, chifukwa chopitiriza ntchito litachotsedwa.

Popeza awiri mwa oimbidwa mlandu sakadatha kuyenda, bwalo lidakakhala pamwala pomwepo. Kudadza khamu. Nkhanga, Njiwa, Mbewa, agogo a Nungu, anyamata a ganyu, Nyani ndi chipewa chake cha kabaza. Nandolo yense adali atatoledwa n'kusungidwa kwa amfumu.

"Nkhani ya dzaye ndi mnyanga ndimaidziwa bwino ine," adatero amfumu a Njovu akusisita mnyanga wawo. "Tiyeni tiyambe ndi chimene chinatsitsa dzaye. A Kamba, munati chiyani?"

"Ndinati makilo 160, mwini wake akuyenda pansi, anzake atagwira chingwe, mfumu."

"A Fisi, munanyamula angati?"

"160 ndendende, mfumu. Sikelo yanga ndi mboni."

"Mboni ibwere."

Adaikoleka panthambi. Kalulu adathamangira kwa Chiswe, mmisiri womanga nyumba, nabwereka thumba la simenti losatsegula, lolembedwa 50 pamimba. Adalikoleka. Muvi udayenda, n'kuyenda, n'kuima pa 40, uli zyoli.

Bwalo lonse lidati, "Haaa!"

"Mwina simenti ya chaka chino ndi yopepuka," adatero Nkhanga mofatsa.

Amfumu adakweza chitamba kuti kukhale bata. "A Fisi, sankhani. Ngati sikelo yanu ikunena zoona, simentiyi ndi yabodza, ndipo tikawauze a fakitale. Ngati ikunama, munakweza makilo 200 pa mabuleki a 160, ndipo 40 mwa amenewo ndi a anthu awa. Tiweruze uti?"

Fisi adatsegula pakamwa. Adatseka. Adayang'ana nyerere pansi.

Pamenepo adaimirira aphunzitsi a Kadzidzi, natola kamtengo, nasalaza fumbi ndi phiko.

"Mfumu, ndiloleni ndiwerenge mwana uja a Kamba ananena. Kusukulu timamutcha momentamu. Kuti mumudziwe msinkhu wake, mumachulukitsa kulemera ndi liwiro. Njinga ndi makilo 20, nandolo 200, pamodzi 220. Akanayenda pansi, liwiro la munthu wokankha, makilomita 4 pa ola, mwanayo akanakhala 880." Adalemba pafumbi. "Koma anakwera, nawonjezera makilo awo 60. Pamodzi 280. A Nyani, munkathamanga bwanji?"

"Muvi wanga unali pa 40, aphunzitsi. Ndipo wanga sunaphunzire ulemu. Anandidutsa ngati ndaima."

"Tingotenga 40 yomweyo. 280 kuchulukitsa ndi 40, ndi 11,200." Adalemba pambali pa 880. "Kuposa kakhumi ndi kawiri. Mphira ziwiri zazing'ono ngati chala zikanatani?"

"Nanga Mwala?" adalira Fisi. "Unandiphwanya!"

Kadzidzi adapempha mazira awiri kwa Nkhuku, amene adapereka monyinyirika. Adapempha Nkhanga ndi Njiwa kuti agwire chitenje m'makona, chili lende. Adapatsa Kalulu dzira loyamba. "Ponya ndi mphamvu zako zonse."

Kalulu adaponya. Dzira lidalowa m'chitenje, chitenje chidabwerera m'mbuyo, chidalilandira ngati mayi wolandira khanda, ndipo lidagubudukira m'mphepete lili lamphumphu.

"Tsopano ponya linali pamwala, chimodzimodzi."

Phwa!

"Dzira lomwelo, dzanja lomwelo," adatero Kadzidzi. "Onse awiri aimitsa dzira. Chitenje chatenga nthawi, n'kulanda liwiro pang'onopang'ono, ndiye mphamvu yake yakhala yofatsa. Mwala walanda lonse m'kuphethira kumodzi, ndiye mphamvu yake yakhala yoopsa. A Fisi anadutsa zitenje zitatu panjira: udzu, mchenga ndi munda."

"Zinayi," adatero Mbewa wamng'ono, akuonetsa chipsera cha pabondo. "Choyamba tinali ife."

Bwalo lidakhala chete.

"Nanga Phiri?" adafunsa amfumu. "Likuti chiyani?"

Onse adatembenukira ku Michesi. Michesi idangoima, mtambo uli pamutu ngati duku. Agogo a Mbira, amene adatsika dala tsikulo, adayankha m'malo mwake.

"Phiri likuti silinalembedwe ntchito ndi munthu, mfumu. Limakoka aliyense, tsiku lililonse, wabwino ndi woipa. Linakoka a Fisi pokwera, iwo n'kumati ana alibe mphamvu. Linawakoka potsika, iwo n'kumati apeza kapolo. Ndipo likuti ilo silifunsa zimene zalembedwa m'buku. Limanyamula thumba, n'kudziwa."

Amfumu a Njovu adagamula. Makilo khumi kwa Nkhanga, khumi kwa Njiwa, khumi kwa Mbewa, khumi kwa agogo a Nungu. Mbale imodzi kwa mnyamata aliyense, ndi ina yapamwamba ya bondo la Mbewa. Ngongole ya mabuleki kwa Kamba. Mazira awiri kwa Nkhuku, ngakhale limodzi lidapulumuka. Mtengo wa ngolo. Chindapusa cha bwalo. Pamene ankamaliza kugawa, nandolo wotsala adali wosagulitsika, wosakanikirana ndi mchenga wa mumsewu. Sikelo adaipachika pamwala kuti idye dzimbiri.

Fisi adapisa m'thumba la malaya, napeza kanjere kamodzi kaja adatola pachikweza. Adakayang'ana nthawi yaitali.

Madzulo ake kunyumba kwa Nkhanga kudanunkhira nandolo wothira anyezi, ndipo kwa agogo a Nungu adatereka kalongonda wa mawa lake, nayitana anyamata aja kuti adzadye nawo. Fisi adadutsa kuseri kwa nyumba, mumdima, akukoka chiuno.

Mpaka lero fisi msana wake ndi wotsetsereka ngati msewu wa Fort Lister: mapewa pamwamba, chiuno pansi, pamene matumba adamupeza. Amayenda motsimphina. Masana amabisala. Ndipo usiku, akakumbukira lole ija, amalira mawu oyamba pansi n'kukwera m'mwamba, uuuwi! ngati njinga yothawa mwini wake.

Tsono inu amene mwakhala nane mpaka pano, mwina mukuti aphunzitsi a Kadzidzi adazitenga kuti. Zimene adalemba pafumbi zidalembedwa kale m'buku, mu 1687, ndi Isaac Newton wa ku England: kuti chokhala chimakhalabe ndipo choyenda chimayendabe kufikira mphamvu ina itachisintha, kuti cholemera chimalira mphamvu zambiri kuti chinyamuke kapena chiime, ndi kuti chimene mwakankha nacho chimakukankhani ndi muyeso womwewo. Koma msodzi wa pa Chilwa adazidziwa osawerenga, tsiku limene adalumpha m'bwato kupita kumtunda, bwato n'kuthawira m'mbuyo. Amayi otwika ndowa amazidziwa, n'chifukwa chake saima mwadzidzidzi. Ndipo woyendetsa aliyense wozindikira amadziwa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti aimirepo umawirikiza kanayi.

Mukadzadutsa ku Phalombe, yang'anani miyala ikuluikulu yakhala m'munsi mwa Michesi, ndipo mufunse akuluakulu kumene idachokera. Mukatero muyang'anenso kumtunda, muwerenge mitengo yatsala, ndi utsi wa mauvuni a makala. Mukadzaona njinga yamoto itanyamula anthu anayi ndi mbuzi, kapena lole yodzaza mpaka kupendama ikuyamba mtsetse, mumvetsere kulira kwa matayala ake. Ndipo tsiku lina mukadzaima pampata panu, katundu atamangidwa, mphepo ikukupesani, chigwa chikuthwanima pansipo, mudzatembenuke kaye. Anyamata aja adzakhala ali pomwepo, manja ali tambasu, chingwe chili pansi.

Kaphuleni mbatata, ingapserere.